Bambo awapeza ndi khansa ya chithokomiro ya medullary, tiyambe ndi sikani iti?

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:

Moni nonse. Ndagwira njakata, ndiye ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene amagwira ntchito yojambula odwala, kapena amene anadwazikapo munthu wa nthenda imeneyi.

Bambo anga ali ndi zaka 61, ndi akalipentala, shedi yawo ili ku Chiputula. Chaka chatha tinaona kachotupa kolimba pakhosi pawo, chakumanja, kosapweteka. Iwo ankangoti n'chithokomiro, kwathu ku Rumphi agogo ambiri anakalamba nacho. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi m'mimba. Ankatsegula pafupifupi tsiku lililonse, kusiya thabwa pa benchi n'kuthamanga, ndipo nthawi zina ankati nkhope ikuwatentha ngakhale mu June, Mzuzu yense ali m'majuzi. Anamwa mankhwala a njoka zam'mimba, a zilonda zam'mimba, osasintha. Amayi ndi amene anaumirira zopita kuchipatala ataona kuti batani lam'mwamba la shati yawo ya kutchalitchi silikumangikanso, komanso pambali pa khosi patuluka anabere olimba.

Kuchipatala anawajambula pakhosi ndi kamakina koyendetsa pakhungu atapaka mafuta oterera aja, kenaka anabaya singano n'kutengako timinofu. Zotsatira zabwera, papepala alemba kuti medullary thyroid carcinoma. Adokotala alemba zambiri m'kabuku ka bambo: magazi a calcitonin ndi CEA (zinthu za m'magazi zimene zimakwera ndi khansayi), calcium, mkodzo wa maola 24, kujambulanso khosi, ndi CT ya khosi, chifuwa ndi chiwindi. Anafotokoza ndithu, koma pamzere panali anthu ambiri ndipo ine mutu unali utaima.

Kunyumba aliyense akukokera kwake. Azakhali anachitidwa opaleshoni ya khansa ya chithokomiro zaka zapitazo, anakamwa ayodini wa radiation ku South Africa n'kujambulidwa thupi lonse, ndipo lero ali bwinobwino. Iwo akuti tisataye ndalama ndi ma CT, tikakamire sikani ya ayodini yomweyo. Amalume a ku Joni akuti sikani yeniyeni ya khansa ndi PET, zina zonsezi n'zachikale, titumize bambo konko. Amayi ayamba kale kukamba zogulitsa puloti yomwe ili ku Mchengautuwa.

Ndikufuna ndimvetse. Khansa ili pakhosi, nanga chiwindi achijambuliranji? Ajambula kale khosi, abwerezeranji? Ya ayodini ija adokotala sanailembe, ayiwala kapena pali chifukwa? Ndipo PET ndi yoti n'kugulitsira puloti? Ndalama tili nazo zochepa, sindikufuna zithere pa chithunzi chimene sichisintha chilichonse pa chithandizo cha bambo.

Wojambula odwala wa ku Luwinga:

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ntchito yanga ndi yojambula, si dokotala wa opaleshoni, choncho zimene ndilembe zikuthandizeni kufunsa bwino mukabwerera kwa adokotala anu. Koma ndinene poyambirira kuti zimene alemba m'kabukumo zili m'njira yake.

Ndiyambe ndi za azakhali, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonekera. Chithokomiro chili ndi maselo a mitundu iwiri. Ochuluka ndi amene amakoka ayodini m'magazi n'kupanga mahomoni a thupi. Khansa zambiri za chithokomiro, monga papillary ndi follicular, zimachokera m'maselo amenewa, n'chifukwa chake ukamwetsa munthu ayodini wa radiation, khansayo imamukoka, imaoneka pa sikani, ndipo imapsa naye. Mosakayika ya azakhali inali ya mtundu umenewo. Medullary imachokera m'maselo ena ochepa otchedwa C cells, ndipo amenewa ayodini alibe naye ntchito. Kuifunafuna ndi ayodini kuli ngati kumwaza chimanga pabwalo poitana mphaka wosowa: zibwera ndi nkhuku. Sikaniyo ikhoza kutuluka yoyera khansa ilipo, ndipo kumwa ayodiniyo sikungaichize. Adokotala sanaiwale.

Chimene ma C cells amapanga ndi calcitonin. Mwa munthu wabwinobwino imakhala yochepa, nthawi zambiri yosafika 10 pg/mL. Khansa ikakula, calcitonin imakwera, mwina mahandiredi, mwina masauzande. Kutsegula m'mimba kosatha ndi kutentha kumaso zimene mwanenazo zimachitika pa nthendayi, makamaka calcitonin ikakwera kwambiri, ndiye muwauze adokotala zimenezi mosabisa, musazione ngati nkhani ina. Nambala ya calcitonin ndi imene imatiuza kuti tijambule mpaka pati. Malangizo a 2015 a bungwe la akatswiri a chithokomiro ku America, American Thyroid Association, amati ikapitirira 500 pg/mL, kapena anabere a m'khosi akagwidwa kwambiri, kapena pakakhala zizindikiro zoti yafalikira, munthu ajambulidwe CT ya khosi ndi chifuwa, CT kapena MRI ya chiwindi, komanso aone mafupa. Bambo anu ali ndi anabere olimba ndiponso akutsegula m'mimba, n'chifukwa chake adokotala sanadikire.

Za kubwereza khosi. Kujambula koyamba kunali kofuna kudziwa kuti chotupacho n'chiyani ndi poti abaye singano. Kwachiwiriku n'kolembera dokotala wa opaleshoni mapu. Timayenda ndi kamakina kuyambira pansi pa chibwano mpaka pa fupa la pamwamba pa chifuwa, mbali zonse ziwiri, mwanabere aliyense payekha. Mwanabere wabwino amakhala wamtali ngati kanyemba, pakati pake pali kamzere koyera. Wogwidwa ndi khansa amakhala wozungulira, kamzere kaja kamasowa, nthawi zina muli timadontho towala ta calcium. Timalemba kuti ali chigawo chiti: chapakati pafupi ndi kholingo, chomwe timati level 6, kapena cham'mbali, level 2 mpaka 5. Medullary imathamangira msanga ku anabere, ngakhale chotupa chili chaching'ono, ndipo opaleshoni yoyamba ndi imene imakhala ndi mwayi waukulu wochotsa zonse. Kubwereranso pakhosi pomwe panachekedwa kale n'kovuta, pamakhala zipsera, ndipo mtsempha wa mawu umakhala pangozi. Ngati pali chojambula chimodzi chimene ndingati musachinyoze chifukwa n'chotchipa, ndi chimenechi. Pemphani kuti achite munthu wozolowera makosi, ndipo lipoti litchule zigawo, lisangoti "anabere alipo".

Ndiwonjezere kuti muli ndi mwayi kuti singano inaigwira. Pa ultrasound, kujambula kwa kamakina koyendetsa pakhungu kaja, medullary siisiyana kwenikweni ndi zotupa zina zokayikitsa: yakuda, yolimba, kawirikawiri chakumtunda kapena pakati pa chithokomiro komwe ma C cells amachuluka. Ngakhale singano imaizindikira pafupifupi theka la nthawi basi. Ena amadziwa atachitidwa kale opaleshoni yosakwanira.

Tsopano chiwindi. Khansa iyi ikachoka m'khosi imakonda kupita m'mapapo, m'chiwindi ndi m'mafupa. M'mapapo imayamba ngati timadontho ting'onoting'ono tomwe X-ray wamba satiwona, CT ndiye imatigwira. M'chiwindi ndi movuta kwambiri. Timatupa take timakhala tating'ono koma todzaza mitsempha ya magazi, ndiye timawala kanthawi kochepa mankhwala a contrast, amene timabaya mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino pa CT, akangolowa, pafupifupi masekondi 35 titabaya. Pofika masekondi 70, chiwindi chonse chawala ndipo timatupa tija tabisala. CT ya m'mimba wamba nthawi zambiri imajambula pa nthawi yachiwiriyi yokha. Ndiye onetsetsani kuti pa fomu palembedwa dzina lonse la nthenda ndi mawu oti triple phase kapena multiphase, kuti wojambula adziwe kuti ajambule chiwindi kangapo. Mukalipira CT popanda zimenezi mukhoza kulipira kawiri.

Asanapite akayezetse magazi a creatinine, oona mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa contrast imatuluka kudzera mu impso, ndipo munthu amene wakhala akutsegula m'mimba amakhala wouma m'thupi. Amwe madzi okwanira. Ngati amamwa metformin wa shuga kapena anadwalapo atabayidwa contrast, anene. Muwachenjezenso bambo kuti mankhwalawo akamalowa amva kutentha kuyenda thupi lonse, kukoma kwachitsulo m'kamwa, ndi kumva ngati adzikodzera. Sadzikodzera, zimatha mu mphindi imodzi. Azibambo achikulire ambiri amadzidzimuka n'kudzuka pabedi, chithunzi n'kuwonongeka. Akauzidwiratu amagona phee.

Mayi wa ku Katoto:

Mwana wanga, ine ndilankhule za mkodzo wa maola 24, chifukwa pa zonse zimene mwalemba palibe amene akuukamba kunyumba kwanu, pomwe kwa ife ndi umene unapulumutsa bambo a kunyumba kuno.

Amuna anga anawapeza ndi medullary ali ndi zaka za m'ma 30. Anali kale ndi BP yodabwitsa, yokwera mwadzidzidzi, mutu kuwawa, thukuta kamukamu, mtima kugunda, kenaka zii ngati palibe chinachitika. Tinkati ndi nkhawa za ntchito. Tsiku la opaleshoni ya pakhosi litayandikira, adokotala anati ayi, tiyambe taona mkodzo. Anatipatsa chigubu chachikulu chokhala ndi mankhwala pansi, anati tisachitsuke. Mkodzo woyamba wam'mawa amataya, kuyambira pamenepo wonse umalowa m'chigubu mpaka m'mawa wotsatira, ndipo chizikhala pozizira. Ndinkachisunga m'ndowa ya madzi kuseri kwa chitseko. Amuna anga ankachita nacho manyazi pamaso pa ana, koma anapirira.

Zotsatira zinasonyeza kuti ma metanephrines, zotsalira za mahomoni okweza BP, akwera. Apo m'pamene anawajambula CT ya m'mimba n'kupeza chotupa pa kachiwalo ka adrenal, pamwamba pa impso. Dzina lake pheochromocytoma. Anatifotokozera kuti munthu wa chotupa chimenechi akagonekedwa tulo ta opaleshoni osakonzekera, BP ikhoza kukwera moti n'kufera pa tebulo. Anayamba awapatsa mankhwala otsitsa BP, n'kuchotsa cha pa impsocho, pakhosi panabwera pambuyo. Ndiye musalole kuti mkodzowo udumphidwe chifukwa chofulumira. Kwina amayeza m'magazi m'malo mwa mkodzo, zonse n'zimodzi.

Chinanso, ndipo ichi chikukhudza inuyo. Pa anthu anayi a medullary, mmodzi imakhala ya kumtundu. Amati MEN2, vuto limakhala pa jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yotchedwa RET, ndipo kholo likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi mwayi theka woitenga. Magazi a amuna anga anatumizidwa kunja, anapezeka nayo. Tinayezetsa ana athu, mmodzi anapezeka nayo, ndipo anamuchotsa chithokomiro ali wamng'ono khansa isanayambe. Lero amamwa kam'bulu ka levothyroxine, kolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, m'mawa uliwonse asanadye, ali kusekondale. Ine poyamba ndinkapempha kuti anawo angowajambula pakhosi, ndikaone ndi maso anga. Anandiuza kuti sikani siingaone nthendayi isanapange chotupa, magazi ndiye amanena.

Bambo anu pa zaka 61 mwina yawo si ya kumtundu, yongobwera yokha imakonda akuluakulu. Komabe funsani za RET. Khalani pansi ndi amayi ndi azakhaliwo, mufufuze ngati kumtundu kwa bambo kunali amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, kapena pobereka, kapena pa opaleshoni, kapena wa BP yosamva mankhwala. Pepala la azakhali la zotsatira za chotupa chawo lifunidwenso, adokotala aliwerenge okha kuti inali mtundu uti.

Wa pa msika wa Taifa:

Pepani kulowerera. Ine ndimamva kuti chithokomiro chimabwera chifukwa chosowa mchere wa ayodini. Ndiye akamadya mchere wa m'paketi sichingaphwe? Komanso ma CT ambirimbiriwa si omwe amayambitsa khansa? Mayi anga anakana kujambulidwa chifukwa cha zimenezo.

Namwino wopuma pa ntchito, Chibavi:

Achimwene a pa Taifa, chithokomiro chotupa chifukwa chosowa ayodini chilipodi, ndipo mchere wa ayodini unathandiza kwambiri kuchichepetsa m'dziko muno. Koma chimenecho si khansa, ndipo medullary siibwera chifukwa cha mchere, siingaphwenso ndi mchere. CT ili ndi radiation, n'zoona, n'chifukwa chake sitijambula mwachisawawa, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Koma kwa bambo wa zaka 61 amene khansa ali nayo kale, kuopsa kochita opaleshoni osadziwa pomwe yafika n'kwakukulu kutalitali kuposa kwa CT. Ultrasound ndi MRI zilibe radiation n'komwe. Mayi anuwo muwalimbikitse abwerere.

Aphunzitsi, ine ndiyankhe za PET ndi puloti, chifukwa zandikhudza. Ndadwazikapo anthu amene anagulitsa munda kuti akajambulitse kunja, n'kubwera ndi chithunzi chokongola koma ndalama ya opaleshoni ndi ya mankhwala itatha.

PET ili ndi mitundu, kutengera mankhwala amene abaya. Yofala kwambiri ndi ya FDG, womwe ndi shuga wa radiation. Khansa zothamanga zimadya shuga wambiri, ndiye zimawala. Medullary nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono, ndipo ikhoza osawala pa FDG ilipo. Imene imaigwira bwino ndi ya F-DOPA, inanso ndi ya gallium DOTATATE, koma si malo onse a PET amene amakhala nazo. Mankhwalawa sasungika: mphamvu ya fluorine-18, imene ili mu FDG ndi F-DOPA, imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, ya gallium-68 pa mphindi 68, ndiye amayenera kupangidwa pafupi ndi pojambulira. N'chifukwa chake anthu athu amakaipeza ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India, ndipo mtengo wake umaphatikiza ndege ndi pogona. Malangizo omwe achimwene a ku Luwinga atchula aja salimbikitsa PET pofufuza koyamba opaleshoni isanachitike. Amalume akunena ndi mtima wabwino, koma panopa si nthawi yake.

Nthawi yake ikhoza kudzafika pambuyo. Pakatha miyezi itatu chichitikire opaleshoni amayezanso calcitonin ndi CEA. Zikapezeka kuti zatsikiratu, amangotsatira ndi magazi ndi ultrasound ya pakhosi. Calcitonin ikatsala koma yosafika 150, kawirikawiri chotsalacho chimakhala m'khosi momwemo ndipo n'chaching'ono moti makina ambiri sachiona. Ikapitirira 150 m'pamene amayambanso kusaka ndi CT, MRI ndi sikani ya mafupa, ndipo zonsezi zikalephera kuonetsa pomwe yabisala, PET imakhala ndi phindu. Amayang'ananso liwiro lomwe nambalayo ikukwerera. Ikamatenga zaka zoposa ziwiri kuti iwirikize, nthendayo ndi yofatsa ndipo anthu amakhala nayo zaka zambiri akugwira ntchito zawo. Ikamawirikiza pasanathe miyezi 6, ndi yolusa, ndipo pamenepo FDG ija imayamba kuiona. Kwa amene yafalikira kulinso mankhwala akumwa, monga vandetanib, cabozantinib ndi selpercatinib, koma ndi okwera mtengo kwambiri. Ngati pulotiyo idzagulitsidwe, idikire tsiku limene ndalamayo idzagule chithandizo.

Pa magazi a calcitonin, yesetsani kuyezetsa ku labu imodzimodzi nthawi zonse, chifukwa makina osiyana amapereka manambala osiyana ndipo mungadzidzimuke pachabe. Magaziwo amafunika kuzizira akangotengedwa, ndiye funsani tsiku limene amatumiza. Mwatchula mankhwala a zilonda zam'mimba: ngati ndi omeprazole, auzeni adokotala, amakweza calcitonin pang'ono.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:

Yewo chomene nonse. Ndawawerengera amayi zonse usiku, za puloti ayamba aziika pambali. Azakhali anakhumudwa pang'ono koma apeza pepala lawo m'sutikesi, palembedwa papillary, ndiye amvetsa kuti nthenda zawo ndi bambo n'zosiyana. Mayi a ku Katoto, mawu anu andigwira mtima. Amayi akumbuka kuti mng'ono wawo wa bambo anamwalira mwadzidzidzi ali mnyamata, kumudzi anangoti mtima. Ndikawauza adokotala, ndipo chigubu cha mkodzo tatenga kale.

Calcitonin yatuluka, yadutsa 1,000. Ndinalira nditaiona, koma tsopano ndikudziwa chifukwa chake chiwindi chikujambulidwa. Pa fomu ndaona kuti alembadi triple phase. Chatsala n'chakuti bambo ayamba kudandaula msana, chakumunsi. Iwo akuti ndi ntchito yowerama pa benchi zaka zonsezi. Ndiwatchulire adokotala kapena ndikuchulutsa mantha? Ndipo ngati atitumiza ku Lilongwe, tinyamule chiyani?

Wojambula odwala wa ku Luwinga:

Atchulireni, achemwali, musadikire tsiku la CT. Mwina ndi benchi yomweyo, akalipentala ambiri msana umawavuta. Koma calcitonin ikadutsa 500 mafupa amayenera kuonedwa ngakhale munthu asakudandaula, ndipo pa msana ndi m'chiuno MRI ndi imene imaona bwino, X-ray imachedwa kuonetsa. Muwafunse bambo ngati ululuwo umawadzutsa usiku atagona osagwira ntchito. Miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, kapena akavutika kukodza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena masana.

Ngati apita ku MRI, akumbukire ngati kachitsulo kanawalowapo m'diso pogwira ntchito, monga ponola macheka kapena podula misomali, chifukwa makinawo ndi maginito amphamvu ndipo amayamba aona kaye zimenezo. Muli phokoso ndipo amagona mosasuntha kwa theka la ola kapena kuposa.

Popita ku Kamuzu Central kapena kwina kulikonse, tengani zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa flash, osati lipoti lokha, chifukwa dokotala wa opaleshoni amafuna kuziona yekha ndipo za m'tsogolo adzaziyerekeza ndi zimenezi. Tengani pepala la zotsatira za singano, mapepala onse a magazi okhala ndi madeti, zotsatira za mkodzo, kabuku ka bambo, mapaketi a mankhwala amene akumwa, ndi pepala la azakhali lija. Chilichonse muchijambule pa foni musanachipereke m'manja mwa munthu. Mawu a bambo akayamba kusasa, muwauzenso, amayang'ana m'kholingo opaleshoni isanachitike.